Miyezi 7 imene ndinasiya mapiritsi a shuga

Phazi langa lakumanja lili ndi zala zitatu. Ziwiri zinazo madokotala anazidula mu September 2019, patatha miyezi 7 chitsekereni mapiritsi anga a shuga m'kabati ndi kuuza mayi a kunyumba kuti sindidzamwanso. Sindinasiye mankhwalawo chifukwa cha ulesi kapena kutalika kwa chipatala. Ndine mphunzitsi wa kusekondale, ndimakonda kuwerenga, ndipo ndinasiya nditawerenga zinthu zambiri zimene zina mwa izo ndikudziwa mpaka lero kuti ndi zoona. Ndikulembera anzanga a shuga, BP, mphumu, khunyu kapena HIV, amene atopa ndi kumeza mankhwala tsiku ndi tsiku ndipo ayamba kudzifunsa funso limene linandisowetsa tulo ine: kodi mankhwala ochiziratu kulibedi, kapena alipo koma eni ndalama akutibisira?

Anandipeza ndi shuga mu 2017, ndili ndi zaka 46. Kwa miyezi ingapo ndinkamva ludzu losatha, usiku ndinkadzuka kanayi kapena kasanu kukataya madzi, ndipo m'kalasi zilembo zimene ndalemba ndekha pabolodi zinkaoneka mwachimbuuzi ndikaima kumbuyo. Kuchipatala anandiuza kuti ndibwere m'mawa ndisanalawe kanthu, ndipo atandibaya pachala makina anaonetsa 280, chikhalirecho munthu akafika pa 126 asanadye amawerengedwa kale kuti ali ndi shuga. Dokotala amene anandiona, mnyamata waulemu wamsinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsapo, anandilembera metformin m'kabuku ka kuchipatala ndi kunena kuti: "Aphunzitsi, matenda awa sachizika, koma mukamamwa mankhwala ndi kusamala kadyedwe mukhoza kukalamba nawo." Mawu ena onsewo anandidutsa, ndipo amene anakhazikika m'mutu mwanga ndi akuti "sachizika". Ife tinakula tikudziwa kuti mankhwala umamwa n'kumaliza. Malungo umamwa LA masiku atatu, TB umapirira miyezi 6, nkhani n'kutha. Mankhwala opanda tsiku lomaliza ankandionekera ngati ngongole ya katapila, imene mwezi ndi mwezi ukubweza chiwongoladzanja chokha pamene ngongole yeniyeniyo ili chikhalire.

Chaka choyamba ndinamvera. Ndinasiya shuga mu tiyi, thobwa ndi zakumwa za m'mabotolo, ndinachoka pa ufa woyera kupita pa mgaiwa, ndipo mitanda ya nsima inatsika kuchoka pa inayi kufika pa iwiri. Koma metformin ankandisokoneza m'mimba, masiku ena mpaka kutsegula, ndipo shuga atakana kutsika mokwanira anandiwonjezera glibenclamide. Tsiku la kiliniki ndinkalawirira, kusiya ana a Fomu 4 opanda mphunzitsi, kukhala pabenchi mpaka dzuwa lili paliwombo, ndipo si kamodzi kapena kawiri pamene ndinafika pawindo la mankhwala n'kuuzidwa kuti atha, ndikagule ku famase. Nthawi zina ngakhale timapepala toyezera shuga tinkakhala titatha, moti ankangotiyeza BP ndi kutikweza pasikelo n'kutilembera tsiku lina. Sindikuwaimba mlandu anesi ndi madokotala a pamalopo, chifukwa munthu sangapereke chimene alibe, koma ukamabwerera chimanjamanja kawirikawiri mtima umayamba kusaka woti umuloze chala.

Mu 2018 kudera kwathu kunabwera bungwe lina lachifundo ndi galimoto zitatu zoyera, matenti ndi zinkuzamawu. Anayeza anthu ambiri pabwalo la sukulu, anatigawira malaya olembedwa uthenga wa matenda a shuga, anatijambula zithunzi, ndipo ine anandipempha kuti ndilankhule m'malo mwa odwala. Analonjeza kukhazikitsa gulu lathu ndi kutisiyira makina oyezera. Makina awiri anabweradi pamodzi ndi timapepala tokwanira miyezi iwiri, koma titatha sitinapezeke m'famase iliyonse imene ndinafunsa, pakuti makina aliwonse amafuna timapepala ta mtundu wake. Bungwelo silinapondenso kuno. Patapita nthawi ndinaona chithunzi changa m'lipoti lawo pa intaneti, pansi pake atalemba kuti miyoyo ya anthu yasinthika, pamene mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafe, amene anawapeza ndi shuga tsiku lomwelo, anangotsala ndi mantha ndi malaya aja. Tsiku limenelo ndinatsimikiza mumtima kuti matenda athu ndi munda wa anthu ena, ndipo palibe mlimi amene amawotcha munda umene ukumudyetsa.

Ndi mtima umenewo ndinayamba kuwerenga pafoni usiku, ndipo zimene ndinapeza sizinali nkhambakamwa zonse ayi. Insulin, mankhwala a shuga ochita kubaya, anatulukiridwa ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 1921, ndipo mu 1923 Frederick Banting ndi anzake awiri anapereka umwini wake ku yunivesite ya kumeneko pa dola imodzi aliyense, pofuna kuti mankhwalawo afikire odwala onse. Koma zaka 100 zisanakwane, pafupifupi msika wonse wa insulin unali m'manja mwa makampani atatu, Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi, ndipo ku America kabotolo ka insulin wotchedwa Humalog, kamene kanali madola 21 m'zaka za m'ma 1990, kanali katafika pa madola 275. Ndinawerenga kuti mu 2012 kampani ya GlaxoSmithKline inavomera milandu ku America ndi kulipira madola 3 biliyoni, ndipo umodzi mwa milanduyo unali wosapereka ku boma zina zokhudza chitetezo cha Avandia, mankhwala a ife a shuga. Ndinawerenga za Purdue Pharma, imene mu 2007 inavomera kuti inanamiza anthu za kuopsa kwa OxyContin, mankhwala opha ululu amene munthu akawazolowera amavutika kuwasiya. Ndinawerenga za makampani 39 amene anasumira boma la South Africa chifukwa cha lamulo lofuna kutsitsa mitengo ya mankhwala, pa nthawi imene Edzi inkadzaza manda. Chimene chinandimaliza ndi lipoti la mu April 2018 la banki ya Goldman Sachs, lolembera anthu oika ndalama m'makampani a mankhwala, limene linafunsa poyera ngati kuchiritsa odwala ndi malonda okhalitsa. Lipoti limeneli ndinalitumiza kwa aphunzitsi anzanga onse pa WhatsApp.

Pamene ndinaterereka pondionekera bwino tsopano, ngakhale nthawiyo sindinapaone. Zimene ndinawerengazo zinkatsimikizira chinthu chimodzi, chakuti makampani ambiri a mankhwala ndi adyera ndipo ena mwa iwo ananamapo. Ine ndinachoka pamenepo n'kudumphira pa mfundo ina, yakuti mankhwala ochiza shuga alipo ndipo akubisidwa, imene palibe pepala lililonse mwa amene ndinawerengawo limene linkainena. Kuchokera apo ndinadumphanso kachiwiri, n'kukafika poganiza kuti aliyense amene akuti ali ndi mankhwala obisidwawo akunena zoona, ndipo kukanidwa kwake ndi madokotala ndiye umboni wake.

Amene anandibweretsera botolo sanali mlendo. Anali mkulu wina wa kumpingo kwathu, munthu amene tinkayendera limodzi odwala, ndipo ndikukhulupirira mpaka lero kuti iwo eni ankakhulupirira zimene ankagulitsa. Ananditengera kumsonkhano wina m'tauni, m'holo yodzaza, kumene anthu ovala bwino ankaima mmodzimmodzi kuchitira umboni kuti shuga, BP ngakhale khansa zinawathera. Katunduyo anali ufa wa masamba, tiyi ndi makapisozi, zochokera kunja, m'mabotolo okongola olembedwa Chingerezi, ndipo aliyense wogula ankalimbikitsidwa kukhalanso wogulitsa. "Achimwene," anatero mkuluyo, "mankhwala a kuchipatala amangogoneka matenda, koma awa amazula ndi mizu yomwe. Amachapa kapamba kuti ayambenso kugwira ntchito." Mtengo wake unali K45,000 pamwezi kwa miyezi 6, ndalama imene pa malipiro a mphunzitsi inali yolemera kwambiri, ndipo anandichenjeza kuti ndisaphatikize ndi mapiritsi a kuchipatala chifukwa akanafooketsa mphamvu ya masambawo. Ine amene ndinatha miyezi ndikufufuza milandu ya makampani a ku America ndi ku Ulaya sindinafunse funso ngakhale limodzi za botolo limeneli. Sindinafunse kuti muli chiyani, anayesera pa anthu angati, amene sanachire ali kuti, kapena ngati bungwe loona za mankhwala m'dziko muno linaliona. Sindinaonenso kuti nayenso mwini botolo ankadyera pa matenda anga, ndiponso pamtengo woposa wa metformin kutalitali.

Mayi a kunyumba anakana kuyambira tsiku loyamba. "Bambo, mwaiwala za achimwene anu?" anandifunsa. Ankanena za mkulu wanga, amene mu 1995 ndinamuperekeza ku Machinga pa lole yodzaza anthu, kukamwa mchape kwa mkulu wina amene ankati analota mankhwala ochiza Edzi. Amene anaona masiku amenewo akukumbukira mizere ya galimoto ndi khamu la anthu zikwizikwi, aliyense ndi kapu m'manja. Mkulu wa mchapeyo sankalipiritsa, ndipo sindimusungira chakukhosi. Mkulu wanga anamwa, anabwerera ndi chiyembekezo, ndipo mu 1997 tinamuika m'manda. Ndinawayankha mayi a kunyumba kuti izi ndi zosiyana, chifukwa awa ndi mankhwala a kufakitale, olembedwa bwinobwino. Kusiyana kwenikweni sindinakuone: mkulu wanga popita ku Machinga analibe china choti asiye, chifukwa nthawiyo munthu wamba sakanawapeza ma ARV, pamene ine ndinali ndi mankhwala ogwira ntchito m'kabati.

Masabata oyambirira ndinamva bwino, ndipo ichi ndi chimene chimasocheretsa ambiri. M'mimba munakhala bata chifukwa ndinali nditasiya metformin, ndinkasamala kadyedwe kuposa kale chifukwa cha changu cha chinthu chatsopano, ndipo mtima unali wopepuka poganiza kuti ulendo wa kukiliniki watha. Ndinaimanso pamsonkhano wina kuchitira umboni, ndipo chimenechi chimandipweteka kuposa zala zangazi, chifukwa sindikudziwa kuti ndi angati amene anasiya mankhwala atamva mphunzitsi akulankhula. Mwezi wachitatu ludzu linabwerera. Thupi linayamba kutha, lamba ndinaboola mabowo awiri atsopano, ndipo nditawauza mkulu aja anati ndi poizoni wa mapiritsi akutuluka, ndipirire. Zoona zake n'zakuti shuga akachuluka m'magazi impso zimamutayira mumkodzo pamodzi ndi madzi ambiri, ndipo thupi, polephera kugwiritsa ntchito chakudya, limayamba kudya mafuta ndi minofu yake yomwe. Nthawi yonseyi sindinayezetse ngakhale kamodzi. Ndinkadziuza kuti makina ndi a makampani omwewo, koma pansi pa mtima ndinkaopa nambala imene ndikanaiona.

Mapazi anayamba kuchita dzanzi masana ndi kutentha ngati moto usiku. Mu August ndinayenda mtunda wautali kupita kumaliro nditavala nsapato zatsopano, ndipo zinanditupitsa thuza pachala chaching'ono, koma sindinamve kupweteka kulikonse. Amene anaona ndi mayi a kunyumba, pochapa masokosi. Tinathira alovera ndi kumanga kansalu, ndipo kwa masabata awiri ndinkapitabe kusukulu ndikutsimphina, bala likununkha, chala chikuda ndipo choyandikana nacho chikutsatira. Usiku wina thupi linatentha, ndinayamba kulankhula zosamveka, ndipo ananditengera kuchipatala pa galimoto yahayala. Atandibaya pachala makina sanaonetse nambala, anangolemba zilembo ziwiri, HI, kutanthauza kuti shuga wapitirira pamene makinawo angathe kuwerenga.

Ndinagona m'chipatala masiku 19, pa diripi, pa jakisoni wa insulin ndi mankhwala olimbana ndi tizilombo ta m'bala, ndipo tsiku lachitatu anadula zala ziwirizo kuti apulumutse phazi. Pabedi loyandikana nalo panali bambo wina amene anawadula mwendo m'munsi mwa bondo, nawonso chifukwa cha shuga. Dokotala amene ankandiona, mayi wofatsa, sanandikalipire. Anandifotokozera kuti shuga wa mtundu wachiwiri, amene ndili naye ine, amakhala m'thupi zaka zingapo asanadziwike, akuwononga mwakachetechete mitsempha yomvera ndi timitsempha ta magazi ta m'mapazi, m'maso ndi mu impso, choncho kuwonongeka kwa mapazi anga kuyenera kuti kunayamba kale, koma miyezi 7 ija inasonkhezera moto umene mapiritsi ankauzimitsa. Anandiuzanso kuti m'mayiko ena anapezapo mankhwala olembedwa kuti ndi achilengedwe atasakanizidwa mobisa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, moti wodwala sadziwa chimene akumwa ngakhale kuchuluka kwake. Nditapeza mphamvu ndinawafunsa funso langa lija. Anakhala chete pang'ono, kenako anati: "Aphunzitsi, bambo anga ondibereka ali ndi shuga, ndipo diso limodzi linasiya kuona. Mukuganiza kuti ndikanadziwa kumene kuli mankhwala ochiza ndikanawabisira?"

Amene anandigwedeza kwambiri ndi achemwali anga, amene anabwera kudzandidikirira. Iwo akhala pa ma ARV kuyambira mu 2005, chaka chimodzi boma litayamba kupereka mankhwalawa mwaulere mothandizidwa ndi Global Fund. Akundipukuta kumaso anati: "Achimwene, ine mankhwala anga ndamwa zaka 14 ndipo sanandichize. Koma ndakwatitsa ana awiri ndipo ndanyamula zidzukulu. Achimwene athu aja akanangodikira zaka 7, bwenzi lero tili nawo pano." Sananene zambiri kuposa pamenepo, koma usiku umenewo ndinayamba kuiona mwatsopano nkhani ya makampani 39 ija. Ndinali nditaiwerenga theka. Makampaniwo anachotsa mlandu wawo mu April 2001 chifukwa odwala a ku South Africa, motsogozedwa ndi gulu la Treatment Action Campaign, anadzaza misewu, ndipo sankafuula kuti ma ARV ndi chinyengo, ankafuula kuti awapatse. Chaka chomwecho kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ikhoza kupereka mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pachaka, pamene mtengo wa makampani akuluakulu unali wopitirira madola 10,000. Chaka chomwechonso bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu, pa nthawi imene anthu ena ankati mankhwala otere sangayende m'midzi ya ku Africa. Anthu amenewo ankakayikira makampani kuposa ine, koma kukayika kwawo kunawafikitsa pomenyera mankhwala, pamene kwanga kunandifikitsa potaya amene ndinali nawo.

Nditatuluka m'chipatala ndinabwerera ku lipoti la Goldman Sachs lija kuti ndione chimene linkanena kwenikweni. Chitsanzo chake chachikulu chinali mankhwala a matenda a chiwindi otchedwa hepatitis C, amene kale anali matenda okhalitsa ovuta kuchiza. Kumapeto kwa 2013 kampani ya Gilead inatulutsa Sovaldi, mankhwala amene pophatikiza ndi ena amachiza odwala ambiri m'masabata 12. Kampaniyo sinawabise. Inawagulitsa pa madola 84,000, kutanthauza madola 1,000 piritsi limodzi, ndipo inapeza mabiliyoni. Dziko la Egypt, limene linali ndi odwala ochuluka zedi, linakambirana mtengo wotsika, kenako linayamba kupanga lokha mankhwalawo n'kuchiza anthu mamiliyoni. Apa ndinaona kuti dyera limene ndinkalidalira ngati umboni wa kubisa likuchitira umboni mbali inayo. Kampani imene ingapeze mankhwala ochiza shuga mawa siingawakwirire pofuna kuteteza malonda a anzake opikisana nawo. Ingawaike mtengo woti ife tisawafikire, ndipo nkhondo yathu ingakhale ya mtengowo. Komanso dziko si makampani atatu okha. India, China ndi Cuba ali ndi akatswiri awo ndi mafakitale awo, ali ndi odwala shuga awo, ndipo sangasunge chinsinsi chothandiza makampani a ku America. Chaka chimene ndinkadulidwa zala, Theresa May anali atangochoka pampando wa nduna yaikulu ya Britain, ndipo iye amadzibaya insulin tsiku ndi tsiku. Ngati munthu wotero sanapatsidwe mankhwala obisikawo, n'zovuta kukhulupirira kuti anakapezeka m'holo ya m'tauni mwathu pa K45,000.

Sindinasanduke mdani wa zitsamba. LA amene timamwa tikadwala malungo anachokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, ndipo mayi amene anatsogolera ntchito yopatula mphamvu yake, Tu Youyou, analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Metformin yemweyo, amene ine ndinkamunyoza kuti ndi poizoni wa azungu, chiyambi chake ndi chomera cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, ndipo wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Umwini wake unatha kalekale, amapangidwa ndi makampani ambirimbiri, ndipo ndi amodzi mwa mankhwala otsika mtengo kwambiri padziko, moti palibe amene akulemera kwenikweni chifukwa cha piritsi langa la m'mawa. Kusiyana kwa zomera zimenezi ndi ufa umene ndinagula n'kwakuti izo zinayesedwa pa anthu ambiri, muyezo wake unadziwika, ndipo amene sizinawathandize anawerengedwanso. Pamsonkhano uja ankaima ndi ochira okha. Ine nditagona m'chipatala palibe amene anabwera kudzafafaniza umboni wanga.

Palinso china chimene ndikanakonda ndikanauzidwa mu 2017, chifukwa mawu akuti "sachizika" sanena zonse. Kafukufuku wina wa ku Britain wotchedwa DiRECT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu onenepa amene anali ndi shuga wa mtundu wachiwiri kwa zaka zochepa, atachepetsa thupi kwambiri moyang'aniridwa ndi achipatala, shuga wawo anabwerera m'malo kwa chaka osamwa mankhwala. Madokotala satchula zimenezi kuchira, chifukwa thupi likabwerera matendawo amabwereranso, ndipo anthuwo amapitiriza kuyezedwa. Ambiri a ife kuno timadwala shuga tili osanenepa, ndipo kwa ine njira imeneyo sikanatheka. Koma zikuonetsa kuti achipatala sakana kuti munthu angachepetse kapena kusiya mankhwala. Amafuna kuti zichitike makina akuchitira umboni. Kwa amene ali ndi shuga wa mtundu woyamba, amene kapamba wawo sapanga insulin, nkhani yosiya jakisoni isayerekezedwe n'komwe, chifukwa munthu akhoza kumwalira m'masiku ochepa.

Mkwiyo wanga pa makampani sunathe, ndipo sindikufuna kuti uthe. Mu 2021, insulin atakwanitsa zaka 100, bungwe la WHO linanena kuti mwa anthu awiri alionse a shuga wa mtundu wachiwiri ofunika insulin, mmodzi samupeza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mankhwala a m'mafamase anakwera, ndipo ndikudziwa anzanga a kukiliniki amene amadula piritsi pakati kuti lifike kumapeto kwa mwezi. Pa mabungwe achifundo maganizo anga ndi ogawanika, ndipo ndasiya kuyesa kuwagwirizanitsa. Bungwe lina linandisiya ndi malaya ndi makina opanda timapepala, pamene ndalama za mabungwe ena zasunga achemwali anga zaka 20. Mu January 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, ndinaona mantha pankhope pawo, ndipo ndinazindikira kuti vuto lalikulu la thandizo si lakuti ndi chinyengo, koma kuti chingwe chake chili m'manja mwa anthu akutali amene akhoza kuchidula tsiku lililonse. Bungwe likabwera masiku ano kudzatiyeza ndimafunsa pamaso pa amfumu kuti amene apezeke ndi matenda akalandira kuti mankhwala mwezi wamawa, ndiponso kuti timapepala ta makina awo timagulitsidwa kuti, ndipo chithunzi ndimalola kujambulidwa akayankha.

Kwa mnzanga amene botolo lili kale m'nyumba, sindikuuzani kuti mulitaye, chifukwa ndikudziwa kuti ine sindikanamvera. Ndikupemphani kuti musasiye mankhwala a kuchipatala, ndipo botololo mupite nalo kukiliniki mukawaonetse, ngakhale mukuopa kukalipiridwa, pakuti zitsamba zina zikakumana ndi glibenclamide kapena insulin zikhoza kugwetsa shuga mpaka munthu kukomoka. Yezetsani musanayambe ndipo muziyezetsabe, nambala muzilemba m'kabuku, chifukwa kumva bwino m'thupi kunandinamiza ine kwa miyezi iwiri yathunthu. Wogulitsa akakuuzani kuti musiye mapiritsi, kapena kuti kuwonda ndi kufooka ndi chizindikiro chakuti mankhwala akugwira ntchito, kapena kuti botolo limodzi limachiza shuga, khansa ndi HIV, mufunseni ngati katundu wake analembetsedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo muone ngati ayankhe kapena akwiye. Ngati chimene chikukutopetsani ndi m'mimba, nenani. Ine nditanena anandiuza kuti ndizimwa metformin pakati pa chakudya ndi kuyambiranso pa muyezo wochepa, ndipo vuto limene linandithandiza kudana ndi mankhwalawo linachepa m'masabata ochepa. Mapazi muziwaona usiku uliwonse, pansi pake ndi pakati pa zala, musayende opanda nsapato, ndipo kabala kakang'ono kakaoneka pitani nako kuchipatala tsiku lomwelo.

Ine ndinakhala pa insulin miyezi 8, kabotolo ndikusunga mumphika wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa chifukwa magetsi kwathu ndi osadalirika, kenako anandibwezera pa mapiritsi. Ndikuphunzitsabe, ngakhale sinditha kuima nthawi yaitali, ndipo maso ndi impso amandiyeza chaka ndi chaka. Pamsonkhano wa kumpingo ndinaima n'kubweza umboni wanga uja pamaso pa onse, phazi lili m'bandeji. Mkulu amene anandigulitsa botolo anabwera kunyumba patapita masabata angapo, anakhala pakhonde nthawi yaitali osalankhula, kenako anagwetsa misozi. Anandiuza kuti anali atalowetsa ndalama zawo za penshoni m'katunduyo, ndiponso kuti mayi a kunyumba kwawo, amene ali ndi BP, anali atasiya mapiritsi chaka chimodzimodzi ndi ine. Mayiwo anabwerera kukiliniki mwezi wotsatira, ndipo timakumana pabenchi. Mkuluyo makatoni ake akadali nawo kuchipinda. Akuti sakugulitsanso, koma kuwataya sanawataye.